Kugogoda Kachisanu ndi Chimodzi

Ine lamulolo ndinkalidziwa. Ndiyambe ndi zimenezo, chifukwa anthu akamva nkhaniyi amathamangira kundipepesa, amvekere, "Pepani mayi, simunadziwe." Ayi ndithu, ndinkadziwa. Pepala la lamulolo ndinalimata ndekha pakhoma pamwamba pa kompyuta, ndipo ndinalizunguliza ndi cholembera chofiira kuti aliyense aziliona.

Kunali kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Ndinkagwira ntchito yotaipa pa kaofesi kena ku Chipata, ka bungwe lothandiza alimi a thonje ndi mtedza. Tinali ndi kompyuta imodzi yolumikizidwa ku waya wa foni. Ukafuna kuona makalata inkayamba yalira ngati kambuzi kokodwa m'chingwe, kenaka tsamba n'kumatseguka pang'onopang'ono kuyambira pamwamba kutsika m'munsi. Makalatawo sankakhala mu ofesi mwathu ayi. Ankafikira m'makina aakulu ku Lusaka, amene ankawatcha seva, ndipo ofesi yathu inali ndi bokosi lake kumeneko. Kudina batani kunali kugogoda pakhomo la makinawo n'kufunsa ngati kwabwera kanthu.

Ndiye tsiku lina eni makinawo anatilembera kuti anthu anyanya kugogoda, makina akulemedwa, ena akulephera n'kulowa komwe. Kuyambira pamenepo bokosi lililonse linaloledwa kugogoda kasanu kokha pa ola limodzi. Ukagogoda kachisanu ndi chimodzi ola lisanathe, bokosi linkatsekeka lokha mpaka mawa nthawi ngati yomweyo. Abwana anga anandisankha ine kukhala mlonda wa lamulolo, ndipo ulondawo unandikhala bwino zedi, chifukwa pakamwa panga sipachedwa chibadwire. Alangizi a zaulimi akabwera kuchokera kumidzi n'kumati, "Taonaninso asisi, mwina ayankha," ndinkawafunsa kuti, "Kodi kwanu mukatereka nyemba mumavundukula mphindi iliyonse? Khalani pansi apo." Ankaseka n'kukhaladi pansi. Miyezi yonse imeneyo bokosi lathu silinatsekekepo ngakhale kamodzi, ndipo ndinkanyada nazo.

Amayi anamwalira Lachitatu m'mamawa, mwezi wa Okutobala, ku Madzimoyo, m'nyumba imene abambo anawamangira. Amene amaudziwa Okutobala wa kwathu andimvetsa msanga. Kutentha kwake mtembo sungadikire munthu. Tinali ndi tsiku limenelo ndi m'mawa mwake basi.

Vuto linali la kumene amayi akagone. Abambo anali Mngoni, ndipo anali atamwalira kale n'kuikidwa ku Madzimoyo komweko. Amayi anali Mchewa wa kufupi ndi Tamanda. Abale a abambo, motsogozedwa ndi abambo aang'ono, ankati ng'ombe zinaperekedwa, mkazi ndi wawo, agona pafupi ndi mwamuna wake. Atsibweni, mlongo wawo wa amayi, amene anali atabwera sabata yathayo kudzazonda matenda, anayankha kuti, "Ng'ombe munapereka za ukwati. Mafupa a mlongo wanga simunagule." Kwawo kwa amayi kunali manda a agogo, komanso a mwana wawo woyamba, kamtsikana kamene kanamwalira katangoyamba kuyenda, ife tisanabadwe.

Anakangana kuyambira m'mawa mpaka dzuwa pamutu, azimayi akulira m'nyumba, amuna akulozana zala pansi pa mtengo wa mango. Mapeto ake akulu a mphakati wa kutchalitchi anati, "Bwanji osafunsa mwana wamkulu?" Ankanena alongo anga, amene nthawi imeneyo anali kusukulu kutsidya kwa nyanja. Aliyense ankadziwa kuti tsiku loti anyamuka mawa, amayi anadzitsekera nawo m'nyumba masana onse akulankhula. Mbali zonse ziwiri zinavomera kuti zimene alongo anga anene ndi zomwezo. Anapangananso kuti dzuwa likalowa popanda yankho, adzukulu akumba manda m'mawa pa Madzimoyo pomwepo pamene pali mtembo.

Ndinene poyera kuti zinandiwawa. Ine ndi amene ndinawadwazika amayi miyezi yambirimbiri. Ndinawasambitsa, ndinawatembenuza, ndinachapa nsalu zimene sindingazitchule pano. Koma za manda awo sanandiuzepo kanthu, anakauza mwana wamwamuna amene anali kudya buledi kutsidya kwa nyanja. Ndinapsa mtima, koma nthawi yopsa mtima panalibe. Kumene alongo anga ankagona kunalibe foni, ndipo ine ndi iwo tinkalemberana pa kompyuta ya ku ofesi. Ndinkadziwa kuti amalowa m'chipinda cha makompyuta cha pasukulu pawo akaweruka, cha m'ma 3 koloko.

Popeza panalibe wokhulupirira mnzake, mbali iliyonse inatuma munthu woti akaone ndi maso ake. Tinakwera minibasi pa msewu waukulu atatu: ine, atsibweni ndi abambo aang'ono. Abambo aang'ono anakhala kutsogolo ndi dalaivala, atsibweni kumbuyo kwenikweni, ine pakati ngati katundu. Abwana anali kumidzi ya ku Lundazi sabata imeneyo, makiyi anali ndi ine.

Kalata imeneyo sindidzaiiwala. Munthu wotaipa osayang'ana zala, tsiku limenelo ndinafufuta mzere woyamba kanayi. Umamuuza bwanji mlongo wako pa makina kuti amayi kulibe? Ndinalemba mwachidule kuti amayi atisiya m'mawa uno, abale sakugwirizana za manda, onse akudikira mawu anu dzuwa lisanalowe. Ndinatumiza 2 koloko itapitirira ndi mphindi khumi.

Kugogoda koyamba kunali kwanga. Kalata itangopita, chala chinadina chokha. Angayankhe ndani kalata imene sinathe ndi mphindi yomwe? Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndinadina basi. M'bokosi munalibe kanthu.

Atsibweni anali asanaionepo kompyuta. Anayandikira, chipewa chili m'manja, n'kufunsa kuti, "Mawuwo afika kale kumeneko?"

"Afika, atsibweni."

"Ha! Ndiye wati chiyani?"

Ndinadina kuti aone okha kuti sanayankhe. Kumeneko kunali kachiwiri.

Nthawi imeneyo abambo aang'ono anali kuseri pa mpopi akusukusula. Atalowa n'kutipeza tawerama pa kompyuta, nkhope inasintha. "Mwaona ine kulibe? Ndinabwera kudzalondera mpopi ine?" Ndinadinanso. Mwatsoka waya wa foni unavuta, tsamba linaima pakati, theka la m'munsi lili mbee. Iwo anati, "Nanga m'munsimo muli chiyani? Tsitsa tione zonse." Ndinayambiranso. Tsamba linatseguka lonse, lopanda kanthu. Kanayi.

Apo ndinati tsopano tikhale pansi. Tinakhaladi kanthawi, tikumvera wotchi ya pakhoma ndi ntchentche imene inkamenya pa galasi la zenera. Kenaka chitseko chinatseguka, azakhali, mlongo wawo wa abambo, ali tuu ndi fumbi, thukuta kamukamu. Azimayi a pamaliro anali atawatuma kuti atilondole.

"Zili bwanji?"

"Sanayankhe, azakhali. Taona kale."

"Mwaona inu. Kandimverere adakanena za m'maluwa. Ndionetse."

Ndinayesa kuwafotokozera za lamulo. Iwo anandidula. "Ndiye ndakwera basi kuchokera ku Madzimoyo kudzaona khoma? Ndikawauza chiyani azimayi anzanga?" Mwambo wathu mukuudziwa: wotumidwa sabwerera ndi mawu a mnzake, amabwerera ndi zimene waona. Ndinadina kachisanu. Munalibe kanthu.

Ndinaimirira n'kuloza pepala la pakhoma lija. "Basi," ndinatero. "Kasanu kakwana. Tikadinanso ola lisanathe atitsekera mpaka mawa, ndipo yankho likabwera sitiliona. Tidikira mpaka 3 koloko ipitirire ndi mphindi khumi."

Tinadikira ndithu, koma kudikira kwa pamaliro si kudikira kwa pachigayo. Wotchi itayandikira 3 koloko abambo aang'ono anayamba kuyendayenda. "Makina amawerenga ngati mphunzitsi? Iwe usatipusitse. Kapena waona kale yankho, ndiye silinakukomere? Tikudziwa kuti mtima wako uli kwa atsibweni akowa."

Ndinawayankha mwano, ndivomereze. Ndinati, "Abambo, ngati mumatha kuwerenga, pepala ilo apo. Ngati simutha, mpando uwo." Azakhali anawomba m'manja, "Mayo ine, pakamwa pa mwana uyu! Amake ali gone m'nyumba!" Ine ndinaima kutsogolo kwa kompyuta, manja nditapinda pachifuwa. Akanabwera ndi nkhwangwa sindikanasuntha. Munthu wondikalipira ine sandigonjetsa, amangondilimbitsa.

Amene anandigonjetsa ndi atsibweni. Anali munthu wochepa thupi, wovala jekete ngakhale mu Okutobala, ndipo m'thumba la jeketelo munkakhala kapulasitiki ka shuga kosungiramo chitupa chawo. Ndi iwo amene anapalasa njinga atanyamula amayi kupita nawo kuchipatala tsiku limene ine ndinabadwa. Nthawi yonse ya phokosolo anali pa mpando, chipewa pa maondo. Wotchi itangokwana 3 koloko anayankhula motsitsa.

"Mwanawe, mtima wanga ukundiuza kuti wayankha. Mlongo wanga akupsa ndi dzuwa uko. Taonanso."

"Atsibweni, dikirani mphindi khumi zokha."

"Kamodzi kokha, mayi."

Nditawayang'ana, misozi inali ikutsika n'kulowa m'ndevu, iwo osaipukuta. Pamenepo ndinayamba kudzinamiza. Ndinati mwina ulendo uja tsamba linaima pakati sanauwerenge. Ndinati mwina wotchi yathu yatsalira. Ndinati makina sangaume mtima choncho chifukwa cha mphindi khumi. Zonsezo ndinaziganiza m'kanthawi kochepa, ndikudziwa bwinobwino kuti ndi bodza. Ndinatembenuka n'kudina.

Tsamba linabwera msanga kuposa masiku onse. Linali ndi mzere umodzi wa Chingelezi. Bokosi latsekedwa, mudzayesenso mawa 3 koloko.

"Wati chiyani?" anafunsa azakhali.

"Atseka."

"Watseka ndani?"

Ndinanyamula foni n'kuimba ku Lusaka kwa eni makina. Inalira nthawi yaitali. Anayankha bambo wina wa mawu otopa, wolankhula Chinyanja cha m'tauni. Ndinamufotokozera zonse, za amayi, za manda, za dzuwa. Anandimvera mpaka ndinamaliza, zimenezo ndisamunamizire.

"Pepani madamu," anatero. "Koma sindine ndatseka. Makina amatseka okha, ndipo amatsekula okha. Amene amatha kusintha zimenezo kulibe, abwera Lolemba."

"Ndiye tsegulani kalatayo kumeneko mundiwerengere pa foni!"

"Makalata a anthu sindingawaone, madamu. Ndikanatha kuona anu, bwenzi ndikuonanso a aliyense."

"Bambo inu, ndikunena za maliro. Maliro! Mulibe amayi inu?"

Iye anati, "Anamwalira chaka chatha. Madamu, makinawa sadziwa amene akulira, amangowerenga kugogoda. Khomo ndi limodzi, ogogoda ndi ambiri. Wina akaima pakhomo n'kumangomenya chitseko, anzake onse amakhala panja, mwina ndi anamwino akufunsa za mankhwala. Ndipo lero lokha ndinu wachitatu kundiuza za maliro."

Zaka zimenezo maliro anali a tsiku ndi tsiku, sananame. Koma ine ndinamutukwana. Ndinamuuza kuti tsiku lake likadzafika adzamuike pamphambano. Anangoti, "Pepani madamu," n'kuika foni pansi mwaulemu. Mawu amenewo ndimachita nawo manyazi mpaka lero, ndipo bambo ameneyo sindinamuonepo nkhope.

Ndinathamanga kumashopu. Kunali bambo wina wachisilamu wogulitsa zitsulo za njinga ndi mapulawo, kwawo kwenikweni ku Mangochi, amene ndinkadziwa kuti ali ndi kompyuta kuseri kwa sitolo. Atamva kuti ndi za maliro sanafunse zambiri, anangosuntha makatoni n'kundipatsa mpando. Ndinayesa kutsegula bokosi lathu pamenepo, koma linakana chimodzimodzi, chifukwa chotsekedwa chinali bokosi, osati kompyuta. Ndiye ndinalembera alongo anga kalata ina kuchokera m'bokosi la bamboyo, kuwapempha kuti ayankhire kumeneko. Tinadikira. Ulendo uno ndinkawerenga kugogoda ngati mapiritsi, kamodzi pa mphindi khumi ndi zisanu. Atsibweni, abambo aang'ono ndi azakhali anakhala pa benchi pakhonde la sitolo, atatu onse mzere umodzi, akuyang'ana dzuwa likutsikira kumapiri. Yankho silinabwere.

Dzuwa litalowa atsibweni ndi amene anayamba kuimirira. Anavala chipewa n'kunena kuti, "Tinapangana. Tiyeni." Sanandiyang'ane, ndipo sanandinene.

Amayi tinawaika Lachinayi m'mawa ku Madzimoyo, pafupi ndi abambo. Mwambo unayenda bwino, kwaya inaimba, akatekisiti anapemphera. Atsibweni anaponya dothi lawo n'kubwerera kukaima kumbuyo kwa anthu. Ine maso anali ouma, mutu uli ku Chipata. Anthu atabwerera kunyumba ndinazemba, n'kukaima pa msewu kudikira minibasi.

Ndinafika mu ofesi nthawi isanakwane. Ndinakhala manja ali pansi pa ntchafu kuti asandipusitsenso, mpaka 3 koloko inapitirira ndithu. Ndinadina kamodzi. Kalata ya alongo anga inali momwemo. Pamwamba pake panali nthawi imene inafika: Lachitatu, 3 koloko itapitirira ndi mphindi makumi awiri ndi zinayi. Ndikanadikira mphindi khumi zija, bokosi likanakhala lotsegula, ndipo kalatayo tikanaiwerenga dzuwa lidakali pamwamba.

Analemba m'chinenero chathu. Anati: "Mlongo wanga, ndilemba pang'ono. Amayi anandiuza kuti akadzamwalira tikawagoneke kwawo, pafupi ndi mwana wawo woyamba. Anati mwanayo wagona yekha nthawi yaitali. Anati iwe sakuuza chifukwa ukanayamba kukangana ndi abale a abambo iwo adakali moyo, ndipo ankafuna kudwala mumtendere. Uwauze onse kuti amenewa ndi mawu a amayi, si anga. Ndikutuluka, sindingathe kukhala muno." N'chifukwa chake kalata yanga yachiwiri ija sanaione tsiku limenelo.

Pamenepo ndi pamene ndinalira maliro a amayi. Ndinalira ndekha mu ofesi, mokuwa, mpaka mayi wogulitsa vitumbuwa panja anasuzumira pa zenera. Ndinalirira amayi, ndinalirira kamwana kaja kamene sindinakaone, ndinaliranso chifukwa amayi ankandidziwa bwino chonchi. Kenaka ndinayatsa pulinta n'kusindikiza kalatayo, chifukwa ndinkadziwa kuti kumudzi akafuna kuona pepala.

Lachisanu m'mawa abale anasonkhana pa mwambo wometa. Nditafika ndinapeza zimene sindinayembekeze. Anthu amene dzana ankalozana zala anali atakhala pa mphasa imodzi. Abambo aang'ono anali atawapatsa atsibweni mpando wa malemu abambo, umene sankalola munthu kukhalapo, ndipo awiriwo ankagawana fodya wa m'mphuno. Azakhali atandiona ndi pepala m'manja anakuwa, "Wayankha! Khalani chete, wayankha!"

Ndinaima pakati pawo. Ndinayang'ana pepala, ndinayang'ana anthu. Ndikawerenga zoona, kenaka chiyani? Tikafukule amayi? Zimenezo kwathu sizichitika. Chikanatsala n'chakuti atsibweni akanabwerera kwawo akudziwa kuti mlongo wawo wagona kumene sanafune, abale a abambo akanakhala anthu amene anaba mtembo, ndipo ife ana sitikanapondanso mbali imodzi popanda kulakwira inzake. Ndiye ndinatsegula pakamwa n'kuwerenga mawu amene pa pepalapo panalibe.

"Akuti amayi sanasankhe. Akuti amayi anati, kulikonse kumene abale anga adzagwirizane, ndidzagona bwino."

Mawu anga sananjenjemere ngakhale pang'ono. Anthu anapumira m'mwamba. Azakhali anati, "Mwamva? Mayi ameneyu anali wamtendere." Abambo aang'ono, amene akanatha kuliwerenga pepalalo, sanalifune n'komwe, chifukwa munthu akamva zomukomera safufuza. Ndinayamba kulipinda kuti ndiliike m'chikwama.

"Mwanawe," anatero atsibweni. "Ndipatse pepalalo likhale kwa ine. Ndi mawu otsiriza a mlongo wanga."

Atsibweni sankatha kuwerenga. Ndikanakana bwanji pamaso pa anthu onsewo? Kachiwiri sabata imodzi ndinalephera kuwakaniza atsibweniwa. Analilandira ndi manja awiri, analipinda kanayi, n'kuliika m'kapulasitiki ka shuga kaja pamodzi ndi chitupa.

Kuyambira tsiku limenelo ndinakhala ndi mantha amene sindinauze munthu. Aliyense wa ku Tamanda akalowa mu ofesi, ndimvekere lero ndiye lero, wina wawawerengera. Alongo anga ndinawalembera zoona zonse n'kuwapempha kuti asanene kanthu. Anayankha mzere umodzi wokha, akuti ndamva. Atabwerera kumudzi chaka chinacho anakaima pa manda nthawi yaitali, ndipo kuchokera pamenepo ine ndi iwo timakamba za mvula ndi za ana basi.

Ku ofesi ndinapitiriza ulonda wanga, koma nthabwala za nyemba zinatha. Munthu akati taonaninso ndinkangoti ayi, ndi nkhope imene inkamubweza yokha. Za lamulolo ndaganiza kwambiri. Bambo wa ku Lusaka uja sanalakwe, khomo likakhala limodzi pamafunikadi malire, ndipo ndikanakhala ine pa mpando wake ndikanaika lamulo lomwelo, mwina loposa pamenepo. Chimene sindinachimvetse mpaka pano ndi kutalika kwa chilango. Tsiku lathunthu! Akanatitsekera ola limodzi tikanaphunzira chimodzimodzi, ndipo amayi akanagona kwawo. Amene anasankha tsiku lathunthu anali atakhala pa mpando, akumwa tiyi mwina, ndipo kwa iye mawa linali pafupi. Koma ndikafika pamenepo ndimakumbukira kuti chala chinali changa.

Panapita zaka zitatu kapena zinayi ndisanapite kwa atsibweni. Ndinkapeza zifukwa, ntchito, ana, msewu woipa. Kenaka uthenga unabwera wakuti miyendo yawatupa, sakuyendanso kumunda, ndipo akundifunsa. Ndinapita nthawi yokolola mtedza. Ndinawapeza pakhonde atakhala pa chikumba, akusenda mtedza, jekete lomwe lija lili pa mapewa. Anali atachepa kwambiri.

Tinapatsana moni, ndinafunsa za miyendo, iwo anafunsa za ana. Ndinakhala pansi n'kuyamba kuwathandiza kusenda. Patapita nthawi anapisa m'thumba n'kutulutsa kapulasitiki kaja. Pepala linali litada m'mopinda, koma linali lonse.

"Tenga," anatero. "Ndasunga mokwanira. Ndikafa ana angalipeze, n'kuyamba phokoso."

Ndinati, "Atsibweni, pali zimene ndiyenera kukuuzani za pepalali."

"Ndikuzidziwa. Ndinapita nalo kwa aphunzitsi a pasukulu apa sabata yomwe ija. Ndinkafuna kumvanso mawu a mlongo wanga. Anandiwerengera kawiri."

Mtedza unandigwa m'manja. Zaka zonsezo ine ndikuthawa mudzi uno, iwo akudziwa. Ndinafuna kugwada, ndinafuna kupepesa, koma chimene chinatuluka ndi ukali wanga womwe uja. "Ndiye bwanji simunanene? Bwanji simunanditukwane? Ndinakunamizani pamaso pa anthu, inu n'kungokhala chete!"

Anasenda mtedza wina, n'kuponya makoko pambali. Sanandiyang'ane.

"Ndikakutukwane chiyani? Iwe unati dikirani mphindi khumi. Ndine ndinati taonanso."

Kenaka anandipempha kuti ndiwasendezere lichero pafupi.